Tsiku lomwe ndidabwereka mwendo wa atsibweni

Aliyense amene adakulira kwathu kuno kwa Mkanda, m'boma la Mchinji, pafupi ndi malire a dziko lino ndi Zambia, mzere amaudziwa. Tidayambira pa mzere wa kusikelo tili kumsana, tidakulira pa mzere wa kuchigayo, ndipo ukulu wathu tikuuthera pa mzere wa feteleza. Pa mizere yonseyi pali umodzi womwe umandisowetsa tulo mpaka lero, ndipo ndati ndiulule poti ndatopa nako kubisa.

Chaka chake chidali 2012, mwezi wa Novembala, nyengo ya makuponi. Ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo, yomwe idayamba mu 2005 mu ulamuliro wa malemu Bingu wa Mutharika, idali pachimake. Ukakhala ndi makuponi unkagula thumba la makilogalamu 50 pa K500 basi, lina lokulitsa, lina lobereketsa. Vuto lidali kulipeza thumbalo. Pa depoti ina yomwe tinkagulapo anthu ankagona masiku awiri kapena atatu, atafunda zitenje, kudikira lole. Ikafika, pamakhala kukankhana koti munthu wofooka sakadayerekeza.

Komabe padali kalamulo kena kosalembedwa: okalamba, amayi oyembekezera ndi olumala ankawatsogoza. Kalamulo kameneka ndi komwe kadandilowetsa m'mayesero.

Atsibweni anga adapuwala mwendo wakumanzere ndi poliyo ali mwana, ndipo moyo wawo wonse adayenda ndi ndodo. Chaka chimenecho dzina lawo silidatuluke pa mndandanda wa olandira makuponi. Ine lidatuluka. Anzanga awiri nawonso adali ndi makuponi awo, ndipo adandilonjeza kangachepe ngati nditawagulira msanga. Ndiye m'bandakucha ndidakafika pakhomo pa atsibweni ndi njinga.

"Atsibweni, tandiperekezeni ku depoti. Mukangoonekera basi, zina zonse ndikachita ndine."

"Kukatani mphwanga, poti ine kuponi ndilibe?"

"Mukangoima pambali panga. Pobwera tigula shuga."

Adandiyang'ana kanthawi, kenaka adakwera pakaliyala. Titafika, anthu adapatuka okha ataona ndodo ija. Ine ndidalowa ngati wowathandiza, n'kunena kuti makuponi enawo ndi a nkhalamba za kumudzi zolephera kuyenda. Dzuwa lisadatenthe n'komwe, matumba asanu ndi limodzi adali panja, ngolo ikupakira, pomwe anthu omwe adagona pamenepo adakali chiimire. Mayi wina wobereka mwana adandiloza n'kunena kuti, "Achimwene, Mulungu akuonani." Ndidaseka.

Pobwerera atsibweni adangoti duu mpaka tidafika pamphambano ya kwawo. Potsika adalandira paketi ya shuga ija, n'kuti: "Mphwanga, lero wabwereka mwendo wanga. Tsiku lomwe ndidzaufune ndekha, udzakhala utatha." Pa nthawiyo ndidaona ngati ndi zolankhula za akuluakulu chabe.

Sindidali ndekha wochenjera. Ena ankabwereka ndodo, ena kumanga nsanza pamwendo, ndipo zinkamveka kuti atsikana ena ankaika chitenje pamimba kuti aoneke oyembekezera. Pofika nyengo yotsatira, mu 2013, anthu a pamzere adali atatopa. Adagwirizana kuti palibenso zotsogozana, aliyense aziima. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Chaka chimenecho kuponi ya pakhomo pa mayi idali m'dzina la mlongo wanga wamng'ono, yemwe amadwala khunyu. Mukamuona simungadziwe: ndi mayi wojintcha, wolima mtedza kuposa amuna ambiri. Koma akagona mochedwa, akakhala ndi njala kapena akatopa kwambiri, matenda aja amamugwetsa. Adapempha mwaulemu kuti akhale pansi pa mtengo wa mango, nthawi yake ikakwana amuitane. Adamuyankha kuti, "Walumala pati iwe? Tionetse!" Adaima. Cha m'ma 11 koloko adagwa, n'kumenyetsa chipumi pa njerwa. Anthu adabalalika, poti ambiri amakhulupirirabe kuti khunyu ndi lopatsirana, pomwe silipatsirana ngakhale pang'ono. Chipsera chili pankhope pake mpaka lero, ndipo ndikachiona ndimadziwa kuti ina mwa njerwa zija ndidaiika ndine.

Chomwe chidandiwawa kwambiri nditamva nkhaniyi n'chakuti tsiku lomwelo mavenda ankatulutsa matumba kukhomo lakuseri. Iwowo palibe adawafunsa kuti alumala pati. Ndalama ikadumpha mzere timangong'ung'udza, koma wodwala akapempha mthunzi timafuna umboni.

Ndinkayesa kuti zimenezi n'zathu zokha, za umphawi, mpaka pomwe ndidawerenga za malo otchedwa Walt Disney World ku Florida, m'dziko la America. Awa ndi malo aakulu a zisangalalo komwe anthu amalipira ndalama zambiri kuti akakwere akatungwe amakina ndi tisitima tothamanga mokhotakhota, ndipo kumeneko munthu amatha kuima ola lathunthu kapena kuposa kudikira kukwera kwa mphindi zochepa. Mu 1999 eni malowo adayambitsa tikiti yaulere yotchedwa FastPass, yokuuza nthawi yoti ubwerenso osaima pa mzere wautali. Mu 2021 yaulereyo idatha, m'malo mwake mudalowa njira yolipira. Kunena kwina, khomo lakuseri lija iwo adaliika kumaso, n'kulembapo mtengo.

Nanga olumala? Kale ankapatsidwa khadi lowathandiza kulowa msanga. Mu 2013, chaka chomwe mlongo wanga adagwa, nyuzipepala ya New York Post idalemba kuti mabanja ena olemera a ku New York ankalemba ganyu anthu olumala kuti aziyenda nawo ngati abale awo, cholinga chodumpha mizere. Nditawerenga izi ndidachita manyazi ngati andigwira. Si zomwe ndidachita ine ndi paketi ya shuga? Chaka chomwecho kampaniyo idathetsa khadi lija n'kubweretsa ndondomeko ina. Mu 2024, podandaula kuti oigwiritsa ntchito achuluka kwambiri, idaimanganso mfundo kuti ikhale makamaka ya anthu omwe ali ndi vuto la kakulidwe ka ubongo monga autism, ndipo ambiri a mavuto ena adadandaula kuti atsekeredwa kunja. Kumeneko ngati kuno, akuba ndi ena, olipira mlandu ndi ena.

Komatu mu ndondomeko yomwe idabwera mu 2013 ija muli nzeru ina yomwe ndikufuna tiione bwino. Munthu sadumpha mzere ayi. Ngati anthu akudikira ola limodzi, nayenso amadikira pafupifupi ola limodzi, kungoti amaloledwa kukadikira kwina, pamthunzi, atakhala pansi, nthawi ikakwana n'kubwera. Nditamvetsa zimenezi ndidaseka ndekha, chifukwa amayi athu adazitulukira kalekale popanda kompyuta. Pitani pa mjigo uliwonse kwa Mkanda m'mawa: mupeza zidebe zili pa mzere, eni ake atakhala poteropo akucheza. Chidebe chimadikira, mwini ali pamthunzi, ndipo palibe amene amati wabera mnzake. Mlongo wanga sadapemphe kanthu koposa pamenepa. Sadafune kukhala woyamba. Adangofuna kudikira mwanjira yomwe thupi lake likadatha.

Ubwino wa njira ya chidebe ndi woti wonama sapindula nayo kwenikweni. Ine ndikadadziwa kuti ngakhale nditabwera ndi atsibweni ndidikirabe mpaka madzulo, sindikadawadzutsa m'bandakucha. Bodza limakoma pomwe mphotho yake ndi yaikulu. Mukachotsa mphothoyo, simufunikanso kumuvula munthu ulemu pomufunsa kuti aonetse pomwe walumala.

Sindikunena kuti kutsogoza kuthe. Alipo ena omwe ngakhale kukhala pansi maola asanu sangathe, ndipo amenewo ayenera kuthandizidwa msanga, monga momwe bungwe loyendetsa zisankho la MEC limanenera nthawi ya mavoti kuti okalamba, oyembekezera ndi aulumali azitsogozedwa. Ndikungoti pakati pa kutsogoza munthu ndi kumuimika padzuwa pali njira yachitatu, yotsika mtengo: benchi, mthunzi, ndi kapepala ka nambala.

Malamulo tili nawo, ndipo si a dzulo. Bungwe la MACOHA lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971. Mu 2009 dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012, chaka chomwe ine ndinkabwereka mwendo wa atsibweni, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa kusala anthu aulumali, ndipo mu 2024 kudabwera lina latsopano lomwe lidasintha MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Ndiye kuti pa mzere wa anthu 300 pakhoza kukhala anthu 30 otere, ndipo ambiri mwa iwo alibe ndodo yoti tiione: ena saona bwino, ena samva, ena ndi achialubino omwe dzuwa limawaononga khungu. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silidziyendera lokha kufika pa depoti ya kumudzi. Pamzere, lamulo ndi ife amene taimapo.

Ngakhale mawu tasintha. Kale tinkangoti "opunduka" kapena "olumala", lero tikuphunzira kunena kuti "anthu aulumali", kuyamba ndi munthu. Ndi bwino ndithu. Koma mawu okoma pa wailesi sathandiza ngati pamzere tikadafunsabe kuti "walumala pati?"

Atsibweni adatisiya zaka zingapo zapitazo. M'masiku awo omaliza ndinkawatengera kuchipatala pa njinga yomwe ija, ndipo tsiku lina tili pa benchi kudikira dokotala, mnyamata wina wooneka wathanzi adapempha kuti alowe msanga, ati mutu ukumuzungulira. Anthu adayamba kung'ung'udza, ine ndemwe ndidatsogolera. Atsibweni adandigwira dzanja.

"Musiye alowe, mphwanga."

"Nanga ngati akunama, atsibweni?"

"Akanama watibera mphindi khumi. Akakhala kuti akunena zoona, ife n'kumukaniza, timubera chiyani?"

Ndidasowa choyankha. Munthu yemwe ndidamugwiritsa ntchito ngati chiphaso ndiye ankandiphunzitsa kukhulupirira anthu.

Mlongo wanga sadziwa kuti ine ndidali mmodzi mwa omwe adaononga kalamulo kaja, ndipo nyuzipepala ino ikafika kwa Mkanda ndiye kuti wadziwa. Ndidzapita ndekha kukapepesa, ngakhale kupepesa sikufufuta chipsera. Kwa inu awerengi a m'tauni, omwe mizere yanu ndi ya kubanki, ya mafuta a galimoto ndi ya ziphaso, pempho langa ndi laling'ono. Munthu akakupemphani kuti mumusungire malo akakhale pansi, musungireni, musamufunse za m'thupi mwake. Ndipo inu amene mumabwereka agogo, ndodo kapena mimba ya chitenje, dziwani kuti ngongoleyo adzabweza ndi wina, mwina wa m'nyumba mwanu momwe. Akuluakulu adati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Tonsefe, tikapatsidwa moyo wautali, tsiku lina tidzafuna benchi.