Ng'ombe za Linunda ndi Nkhupakupa

Kwathu ku Nselema tidali ndi ng'ombe zinayi za makolo, zija za linunda. Tidazipeputsa chifukwa cha kuchepa kwa mkaka, ndipo tidagulitsa ziŵiri kuti tigule Friesian imodzi, mtundu wochokera ku Holland.

Dzinja litafika, zonse zinkadya msipu m'dambo limodzi. Koma mlendoyo adadzala nkhupakupa m'makutu ndi kumaŵere, pamene zathuzo zidali nazo zoŵerengeka. Tidachedwa kumsambitsa mankhwala; adayamba kukodza magazi, nafa.

Pambuyo pake mlangizi wa ziŵeto adatimasulira chinsinsi chake. Nkhupakupa ikamaluma imathira malovu ofooketsa chitetezo cha thupi. Ng'ombe ya linunda ikalumidwa kangapo, thupi lake limawazindikira malovuwo: khungu limatupa ndi kuyabwa, iyo imadzinyambita, ndipo tiana ta nkhupakupa tambiri timafa tisanakhute. Mphamvu imeneyi imapatsiranso ana ake. Koma thupi la Friesian silidziteteza kolimba chotere.

Makolo ndi achinyamata, mkaka wambiri ngwabwino, koma ng'ombe yachilendo ifuna dibi losaphonya. Ife zidatitengera ng'ombe ziŵiri kuti tiphunzire kuyamika chimene Mulungu adatiikira kale m'khola.