Linga la Bothwell

Ife tonse tidziwa kuti Dotolo Livingstone anabadwira ku Blantyre wa ku Scotland m'chaka cha 1813. Kufupi ndi kwawoko, tsidya lija la mtsinje wa Clyde, kuli bwinja la linga la Bothwell, lomangidwa ndi miyala yofiira. Walter wa ku Moray ndiye analiyamba, nautsa nsanja yaikulu yozungulira, ya khoma lochindikala mapazi 15. Mu 1301 Edward, mfumu ya Angelezi, analilanda ndi nkhondo. Koma chotizizwitsa n'ichi, abale: mu 1337 Andrew Murray, mwini lingalo, atapirikitsamo adaniwo, analamulira anthu ake kugumula mbali imodzi ya nsanjayo, kuti Angelezi angakhalemonso. Ndani mwa ife akadalimba mtima kupasula nyumba ya makolo ake chotero? Mbali yotsalayo ili chiimire pamwamba pa mtsinje kufikira lero.