Ndiwo za Masamba pa Chisi

Chisi ndi chilumba cha m'nyanja ya Chilwa, kum'mawa kwa Zomba. Wofuna kukafikako akwera bwato pa Kachulu. Anthu a kumeneko adalira matemba ndi milamba. Koma nyanjayi iri yosaya, ndipo inaphwa m'zaka za 1968, 1995 ndi 2018. Pamenepo nsomba zinasowa, ndipo m'miphika munatsala masamba okha.

Abale athu, tisanyoze ndiwo zotere. Ku Spain, dziko la Akristu anzathu, amai akazinga mabiringano, matimati ndi anyezi m'mafuta a azitona. Azitcha pisto, nadyera mkate. Ife tiri ndi nkhwani, nandolo ndi nsinjiro. Tilime madimba nyanja isanaphwenso, ndipo tiyamike Mulungu pa chakudya chiri chonse.