Nyimbo za m'kadi nazo zili ndi eni ake

Masiku ano kadi kakang'ono ngati chikhadabo kamasenza nyimbo zimene kale zikanadzaza dengu la makaseti. Koma mukayang'ana pa foni mupeza Track 01, Track 02, woyimba osadziwika. Nyimbo yafika, dzina la mwini wake latsalira m'njira.

Zimenezi zinamuwawa mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, wa kufupi ndi Ulongwe m'boma la Angónia. Bamboyu anathawira nkhondo ku Dedza, ndipo atabwera mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 anabwerera kwawo ndi katoni ya makaseti: Alleluya Band ya ku Balaka, Allan Namoko, Robert Fumulani. Pambuyo pake anaonjezapo Son of a Poor Man ya Lucius Banda, ya mu 1994, ndiponso Massukos a ku Lichinga. Makaseti atayamba kutafunidwa ndi wailesi, mdzukulu wake anakopera nyimbozo pa kompyuta, ndipo mayina onse anatsala pa zikuto.

Mdzukulu yemweyo ndiye anamuonetsa kuti nyimbo ya MP3 ili ndi mayina awiri. Lakunja, limene limaoneka pa mndandanda, aliyense angathe kulisintha, ndipo WhatsApp imaika lake lodzaza ndi manambala. Lam'kati, lotchedwa tag, lili ngati chizindikiro chootcha pa ng'ombe: nyimboyo ikakoperedwa m'kadi ina, nalo limapita nawo. Mmenemo mumalembedwa mutu wa nyimbo, woyimba, chimbale ndi chaka. Njirayi, ya ID3, inayamba mu 1996 ndipo inkalola zilembo 30 zokha pa mutu. Ya mu 1998 ndiyo inalola kuikamo chithunzi.

Ntchito yake ndi yotopetsa. Kompyuta ndi yosamva: mukalemba Lucius apa, Lusiyasi apo, Soja pena, iyo imati oyimba ndi atatu. Choncho mphunzitsiyu anasankha kalembedwe kamodzi pa woyimba aliyense, nakalemba m'kope, monga ankachitira ndi kaundula wa ana a sukulu.

Zithunzi ankaziona ngati zokongoletsa chabe, kufikira pamene mlongo wake, amene sanapite kusukulu, anatenga foni nati: “Achimwene, mundiikire ija ya anthu oima pamzere.” Ankanena chikuto cha kaseti imene ankaikonda ali ku Malawi. Kuyambira pamenepo zikuto zonse, ngakhale zodyedwa ndi mphemvu, anazijambula ndi foni pa khonde dzuwa lisanakwere, nkuzidula kuti mbali zonse zinayi zifanane. Tsopano mayiyo amadzisankhira yekha nyimbo poyang'ana chithunzi.

Zovuta kwenikweni ndi nyimbo zakuno kumudzi: ngoma ya Angoni, chintali cha amayi, kwaya ya pa maliro. Oyimba otchuka mayina awo ali pa intaneti, koma izi palibe wina adzazilembe. Pa zoterezi amalemba mudzi, chaka, ndi wotsogolera nyimbo ngati akumbukika. Zina amapita nazo pa bawo kuti akuluakulu amvere, ndipo nthawi zina amatsutsana mpaka masewero kuima. Akapanda kugwirizana, iye salemba zongoganiza, popeza dzina labodza likangolowa m'kadi imodzi limafalikira msika wonse. Amasiya malowo opanda kanthu.

Nyimbo zokonzedwa amazisunga pawiri, pa kompyuta ndi m'kadi ina imene imakhala kwa mwana wake ku Tete. Zopanda mayina zikadalipo makumi angapo, ndipo ziwiri mwa izo ndi mawu a mayi mmodzi amene mkulu wina akuti anali wa ku Dómuè.