Mizere itatu ya bambo

Ndili mwana, ntchito yanga Lamlungu madzulo inali kusita yunifolomu ya bambo ndi simbi yamakala. Pamkono ndinkasamala kwambiri. Mzere umodzi ndi lansi kopolo, iwiri kopolo, itatu sajeni. Wachitatuwo bambo anaudikira zaka, amayi n'kuusokerera okha pamanja.

Chaka chatha mnzanga wa ku yunivesite, amene tinkagawana naye bonya, anamaliza maphunziro a usilikali ku Salima. Paphewa kanyenyezi kamodzi basi, koma sajeni waimvi amamuchitira sawatcha.

Bambo anapuma ntchito kalekale. Nditawafunsa ngati zoterezi sizinkawawa, anaseka.

"Iwe, sawatcha ndi ya phewalo, osati mwanayo."

Kenako anangoti duu, akusisita mkono wa malaya awo, pamene panalibe mzere.