Thirakitala yapansi pa mango inatsala pang'ono kundithera mpamba

Anzanga a mumsika, inu mukundidziwa kuti ndimagulitsa nyemba, mtedza ndi soya. Katundu ndimakapikula kwa Kabudula ndi ku Nsaru. Vuto la kumeneko ndi mayendedwe: mvula ikangoyamba, eni malole amakana kulowa m'midzi, ndipo akavomera mtengo wake ngodula mutu.

M'chaka cha 2021, ndikusaka soya, ndinaona thirakitala itakhala pansi pa mtengo wa mango pa esiteti ina yakale. Nkhuku zinkaikira mazira pampando. Inali Massey Ferguson 135, zija zinkapangidwa ku Coventry, ku Mangalande, ya injini ya Perkins ya mapistoni atatu. Kale fodya wa bale ankaloledwa kulima ndi maesiteti okha, ndipo mathirakitala otere ndiwo ankagwira ntchito kumeneko. Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima bale mu 1990, maesiteti ambiri anayamba kufooka, makina n'kumangowolera pabwalo.

Mwini wake anati, "Imeneyi ikungofuna batire basi." Ine, munthu wodziwa kunenerera mtengo wa thumba la nyemba, ndinanenerera mpaka anatsitsa. Ndinapereka theka la mpamba wanga, ndikudziona wochenjera zedi.

Kunyumba mayi anangondiyang'ana. "Abambo, mwagula galimoto kapena khola la nkhuku?"

Batire ndinagula, koma injini osatembenuka n'komwe. Titatsegula, tinapeza madzi a mvula analowera kupaipi ya utsi, mapistoni atagwirana ndi dzimbiri. Oilo anali woyera ngati mkaka. Apa m'pamene ndinadziwa kuti mtengo wa thirakitala yakale suthera pa tsiku logula. Tsikulo umangolipira khomo lolowera.

Makaniko woyamba, wa mtauni, anadya ndalama zanga n'kusowa. Amene anandipulumutsa ndi madala ena a m'mudzi momwemo, omwe anayendetsa thirakitala yomweyo pa unyamata wawo. Anandiuza kuti, "Mwanawe, chitsulo sichimva changu. Thira dizilo m'mabowomo, udikire." Tinadikira masabata atatu, tsiku ndi tsiku tikugwedeza pang'onopang'ono, mpaka injini inamasuka.

Kenaka inayamba nkhani ya masipeya: malingi, magasiketi, manozulo, kukonzetsa pampu ya dizilo. Ndinapondaponda Malangalanga ndi Biwi mpaka nsapato kutha. Masipeya a 135 amapezeka ndithu, poti mathirakitalawa anapangidwa ambiri, koma amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, mitengo inakwera. Itagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, matayala akumbuyo, amene ndinkati ndigula mawa, anandiliza. Mwezi wina benchi langa linali ndi mabeseni awiri okha a nyemba, anzanga n'kumandifunsa ngati ndadwala. Fizi ya mwana tinachita kukongola ku banki m'khonde.

Inalira mu 2024. Madala aja anachotsa mpweya m'mapaipi a dizilo, n'kundiuza kuti ndilize. Inatsokomola, inatulutsa chiutsi chakuda, kenaka phokoso lake linakhazikika. Madalawo anavula chipewa. Ine misozi inalengeza, osanama.

Lero sindilimira kwenikweni. Ndinagula ngolo, ndipo ndimatuta katundu wanga ndi wa anzanga kuchoka m'midzi kufika pamsewu pamene malole amaima. Nthawi yokolola imatuta chimanga, chilimwe njerwa ndi mchenga. Ngongole ndikubweza, koma mpamba wonse uja sunabwerere.

Tsono mnzanga amene mtima ukukudyera chitsulo chotere, imva izi. Usapite wekha, tenga munthu wodziwa. Yesa ngati injini ikutembenuka. Yang'ana oilo, ukaona mkaka dziwa kuti madzi analowa. Ona matayala akumbuyo, poti ndiwo amadula koposa. Funsa mapepala, ndipo polipira pakhale amfumu ndi abale a wogulitsayo, chifukwa katundu wamasiye amakhala ndi eni ambiri. Chachikulu, ndalama yokonzera ikhale yapadera. Ine ndinasakaniza ndi mpamba wa geni, ndipo zaka zitatu banja langa linadya movutika.

Mayi aja masiku ano amakwera pangolo tikamapita ku Nsaru. Koma ndikangoyang'anitsitsa chitsulo china chapansi pa mtengo, amandigwira malaya.