Chinsinsi cha Mpweya Wotsekeredwa

Mwa mitu yonse ya sayansi imene ndimaphunzitsa kuno kwa Likoswe, palibe umene umandigwira mtima koposa wa kayendedwe ka kutentha. Mutuwu ana amaudziŵa kale asanaloŵe m'kalasi, ngakhale kuti eni akewo sazindikira.

Mayi aliyense amavundula nsima ndi mthiko wamtengo, pakuti chitsulo chimafulumira kufikitsa kutentha kudzanja pomwe mtengo umachedwetsa. Nyumba yaudzu imazizira bwino mu Okutobala, ndiponso imafunda chiperoni chikamaomba mu Juni, koma yamalata imachita zosemphana. Chinsinsi chagona pa mpweya wotsekeredwa pakati pa udzuwo, poti mpweya wosayenda sulola kutentha kudutsa msanga.

Akatswiri a kunja nawonso anatsata njira yomweyi. M'chaka cha 1931, Samuel Kistler wa ku America anapanga chinthu chotchedwa aerogel. N'chopepuka zedi, chooneka ngati utsi wouma, ndipo pafupifupi thunthu lake lonse ndi mpweya wokhala m'timaenje tosaoneka ndi maso. Bungwe la NASA linachigwiritsa ntchito poteteza zipangizo za kagalimoto ka Sojourner ku chisanu choopsa cha pa Mars m'chaka cha 1997.

Chinthu chotere n'chokwera mtengo, sitingachipeze. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choncho timathira madzi oŵira m'zitini zitatu zovundikira. Chimodzi timachisiya pamtunda, china timachikwirira m'gaga, chotsalacho timachikuta ndi thonje. Pakatha ola limodzi, ana amakhudza okha n'kupeza kuti choyamba chija chazizira pomwe ziŵiri zinazo zikali zofunda.

Pamenepa mpamene ndimaŵapempha kuti atengere phunziroli kwawo. Nyemba zonyika m'madzi usiku zikaŵira mokwanira, mphika wake ukhoza kuphulidwa, n'kuikidwa m'dengu loyalamo nsanza kapena masamba ouma a nthochi. Ukavundikiridwa bwino, nyembazo zimapsa zokha popanda kusonkhezera nkhuni zina.

Ife amene tinaona matope akutsika m'mapiri a Chiradzulu pa nthaŵi ya namondwe Freddy m'chaka cha 2023 tikudziŵa kufunika kwa mtengo uliwonse wotsala. Mwana amene wamvetsa ntchito ya mpweya wosayenda sangapeputsenso nzeru za agogo ake, ndipo nkhwangwa ya pakhomo pawo idzayamba kupumako.